Satyendra Nath Bose, mphunzitsi amene analembera Einstein kalata

Chiperoni chikamawomba pa Mbulumbuzi mu June, mumati kunja kwazizira zedi. Komatu kuzizira kuli ndi malire ake. Furiji ya katemera imasunga mankhwala pa madigiri 2 mpaka 8, pomwe malire enieni ali pa madigiri -273.15, ndipo palibe chingazizire kuposa apo. Zina mwa zodabwitsa zimene zimachitika pafupi ndi malirewa zinayamba kudziwika chifukwa cha masamu a Satyendra Nath Bose.

Bose anabadwa pa 1 January 1894 ku Calcutta m'dziko la India. Anaphunzira ku Presidency College, ndipo mu 1921 anakayamba kuphunzitsa payunivesite ya Dacca. Mu 1924 analemba pepala lalifupi lofotokoza kawerengedwe katsopano ka tizidutswa ta kuwala, n'kulitumiza kwa Albert Einstein, munthu amene anali asanakumanepo naye. Einstein analimasulira yekha m'Chijeremani n'kulisindikizitsa.

Nzeru yake inali yotani? Tiyerekeze kuti muli ndi odwala awiri ndi mawodi awiri. Njira zowagonekera ndi zinayi: onse wodi yoyamba, onse yachiwiri, uyu uku uyo uko, kapena kuwasinthanitsa. Koma akakhala ofanana kotheratu moti kuwasinthanitsa sikusintha kanthu, njira zimatsala zitatu, ndipo ziwiri mwa izo ndi zokhala pamodzi. Bose anati tizidutswa ta kuwala n'totero, n'chifukwa chake timakonda kuunjikana.

Einstein anaona kuti maatomu ena nawonso angatsate lamuloli. Analosera kuti mpweya wa maatomu otere ukazizira kwambiri, ambiri adzasiya kuyenda payekhapayekha n'kuyamba kuchita zinthu ngati chinthu chimodzi.

Bose sanazione ndi maso. Anamwalira pa 4 February 1974, osalandirako mphoto ya Nobel, ngakhale tizidutswa tonse totsata lamulo lake timatchedwa ma boson pomulemekeza. Ine chimene chimandikoka kwambiri pa iye n'chakuti analimbikira kuti sayansi iziphunzitsidwa m'Chibengali, chilankhulo cha kwawo, mpaka mu 1948 anakhazikitsa bungwe la ntchito imeneyi. Amene munavutikapo kufotokozera agogo za kuthamanga kwa magazi m'Chichewa mukudziwa kuti ntchitoyi si yamasewera.

Ulosi uja unakwaniritsidwa mu 1995, pamene Eric Cornell ndi Carl Wieman anaziziritsa maatomu a rubidium ku Colorado. Haidrojeni, imene akatswiri anayambira kuyesa, inawavuta kwambiri, poti maatomu ake amathamangira kugwirana awiriawiri ndipo pamafunika maginito amphamvu kuti asatero. Gulu la Daniel Kleppner ndi Thomas Greytak ku MIT linalimbana nayo zaka pafupifupi 20, ndipo linapambana mu 1998, patatha zaka 24 Bose atamwalira.