Eduardo Mondlane ndi banja limene ambiri sanalifune

Chaka chilichonse pa 3 de Fevereiro masukulu ndi maofesi amatsekedwa, akuluakulu a boma amaika nkhata za maluwa pa mabwalo a ngwazi kuyambira ku Maputo mpaka kuno ku zigawo, ndipo dzina la Eduardo Chivambo Mondlane limatchulidwa kambirimbiri. Ngakhale mwana wa sukulu amadziwa kuti iwowa ndiwo anali pulezidenti woyamba wa Frelimo, ndiponso kuti anaphedwa ndi bomba ku Dar es Salaam mu 1969. Chimene sichikambidwa kwenikweni n'chakuti tsiku lomwelo mayi wina anasanduka wamasiye, ndipo ana atatu, wamkulu wa zaka 11 ndi wamng'ono wa zaka 7, anataya bambo wawo. Lero tiyeni tikambe za a Mondlane a kunyumba, pakuti banja lawolo linali mbali ya nkhondo imene ankamenya.

Anabadwa pa 20 Juni 1920 m'mudzi wa Nwadjahane, m'boma la Manjacaze, chigawo cha Gaza. Bambo awo anali mfumu ya m'deralo, a mitala, ndipo anamwalira Eduardo akadali wamng'ono kwambiri. Choncho mnyamatayu anakulira m'manja mwa akazi, amayi ake ndi agogo ake. Monga anyamata ambiri a kumudzi, ntchito yake inali yoweta ng'ombe ndi mbuzi, ndipo sukulu anaiyamba mochedwa, atapitirira kale zaka khumi. Amayi ake ndiwo ankamulimbikitsa kuti akaphunzire, kuti adziwe gwero la mphamvu za azungu amene ankalamula dzikoli. Iwo sanakhale ndi moyo mpaka kuona kumene mawu awowo anamufikitsa.

Njira ya maphunziro inali yokhotakhota. Anadzera m'masukulu a mishoni ya Missão Suíça, nafika ku Lourenço Marques kumene m'mishonale André-Daniel Clerc anamutenga kukhala pakhomo pake. Anaphunzirako za ulimi ku Cambine, m'chigawo cha Inhambane, kenako anawoloka malire kukachita sekondale ku Lemana, ku South Africa. Mu 1949 anali atalowa yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg, koma boma la tsankho limene linali litangotenga ulamuliro kumeneko linakana kumuwonjezera chilolezo chokhalira m'dzikomo. Atabwerera kwawo, apolisi a Apwitikizi nawonso anamugwira n'kumufunsa mafunso chifukwa cha NESAM, gulu la ophunzira akuda a sekondale limene iye anathandiza kulikhazikitsa. Anakakhala chaka chimodzi ku Lisboa, maso a apolisi ali pa iye, ndipo mu 1951 anapita ku America kukaphunzira pa koleji ya Oberlin. Apa n'kuti ali ndi zaka 31.

M'chaka chomwecho a Mondlane anaitanidwa kukayankhula pa msonkhano wa achinyamata achikhristu ku Lake Geneva, m'dera la Wisconsin. Pakati pa omvera panali mtsikana wachizungu wa zaka 17, Janet Rae Johnson, wochokera kufupi ndi mzinda wa Chicago, amene ankalakalaka kudzagwira ntchito ya umishonale ku Africa. Anayamba kulemberana makalata. Poyamba inali nkhani ya chikhulupiriro ndi ya Africa, koma pang'ono ndi pang'ono makalatawo anasanduka a chibwenzi.

Makolo a Janet atazindikira, anakana kwamtuwagalu. Pofuna kumvetsa kukula kwa nkhaniyi, tikumbukire kuti nthawi imeneyo madera ambiri a America anali ndi malamulo oletsa ukwati wa munthu wakuda ndi mzungu, ndipo malamulo amenewa anathetsedwa m'dziko lonselo mu 1967. Nawonso amishonale ena amene analera a Mondlane sanakondwere, poona kuti banja lotere silingathe kukhala mwamtendere mu Moçambique wa atsamunda. Awiriwa anadikira zaka zisanu. Pa zaka zimenezo a Mondlane anamaliza ku Oberlin mu 1953 n'kupita ku yunivesite ya Northwestern, kumene pambuyo pake analandira digiri ya udokotala wa maphunziro mu 1960. Kafukufuku wawo anali wokhudza momwe khungu la munthu limasinthira zochita ndi maganizo a anthu pagulu, nkhani imene sankafunika kuifunafuna m'mabuku chifukwa ankagona nayo ndi kudzuka nayo. Anakwatirana mu 1956. Eduardo wamng'ono anabadwa mu 1957, Chude mu 1958, ndipo Nyeleti, dzina lotanthauza nyenyezi m'Chichangana, anabadwa mu 1962.

Pofika nthawi imeneyi munthu akanati a Mondlane afika. Kuyambira 1957 ankagwira ntchito ku likulu la bungwe la Nações Unidas ku New York, mu nthambi yoyang'anira mayiko amene ankakonzekera kudzilamulira. Anali ndi malipiro abwino, nyumba, mkazi ndi ana. Apwitikizi anayesapo kuwakopa kuti akagwire ntchito ku Lisboa, koma iwo sanalole. Kumeneko ku New York n'kumene anadziwana ndi Julius Nyerere, amene ankabwera kudzadandaulira ufulu wa Tanganyika.

Chimene chinatembenuza zonse ndi ulendo wa kwawo. Chakumapeto kwa 1960 mayi Janet anatsogola ndi ana awiri kupita ku Moçambique, amuna awo ali pa ntchito ya Nações Unidas ku Cameroon, ndipo iwo anawatsatira kumayambiriro kwa 1961. Taganizani mzimayi wachizungu akufika kwa apongozi ake ku Manjacaze, atanyamula ana a munthu wakuda, m'dziko limene munthu wakuda ankagwidwa kupita ku chibalo ndi kukakamizidwa kulima thonje. Anthu ankakhamukira kudzawaona. N'kuti patangopita miyezi yowerengeka kuchokera pa 16 Juni 1960, pamene anthu ochuluka anawomberedwa ku Mueda chifukwa chopempha ufulu. Banjali linabwerera ku America likudziwa kuti moyo wa mtendere uja watha. A Mondlane anasiya ntchito ya Nações Unidas, imene sinkawalola kulowerera ndale, nakaphunzitsa pa yunivesite ya Syracuse akukonzekera zina.

Pa 25 Juni 1962 ku Dar es Salaam, magulu atatu anaphatikizana kukhala Frelimo. Panali UDENAMO imene inayambira ku Rhodesia, MANU ya anthu a kumpoto amene ankakhala ku Tanganyika ndi ku Kenya, ndi UNAMI ya Baltazar Chagonga, imene mizu yake inali ku Tete ndipo inkagwira ntchito kuchokera ku Nyasaland, Malawi wa lero. A Mondlane anasankhidwa kukhala pulezidenti. Mu 1963 banja lonse linasamukira ku Dar es Salaam.

Apa m'pamene pamaonekera kuti ukwatiwu unali wotani. A Mondlane sanamusiye mkazi wawo ku America kuti azidikira nkhondo ithe, ndiponso sanamubise kuseri kwa nyumba. Mayi Janet ndiwo anakhazikitsa ndi kutsogolera Instituto Moçambicano, sukulu ya ana a anthu othawa kwawo, ndipo ankayendayenda m'mayiko kufunafuna ndalama za mabuku, mankhwala ndi chakudya. Thandizo loyamba linachokera ku Ford Foundation ya ku America, ndipo litaima, mayiko a kumpoto kwa Ulaya monga Sweden ndiwo anagwirapo. Ana ambiri amene anadzakhala aphunzitsi, anamwino ndi akuluakulu a boma dziko litamasuka anadzera m'manja mwa ntchito imeneyi.

Tisanamizane kuti unali moyo wokoma wa pabanja. Bambo ankangokhalira pa ulendo, lero ku Cairo, mawa ku Moscow kapena ku London, kupempha zida kwa ena ndi mabuku kwa ena. Mayi nawonso chimodzimodzi. Ana anakula akuzolowera kuona masutikesi pakhomo. Chimene chinagwirizira banjali ndi chomwe chija chinaliyambitsa, makalata. Awiriwa ankalemberana kulikonse kumene ali, ndipo mayi Janet anawasunga makalatawo kwa zaka zambiri mpaka anadzasindikiza ena mwa iwo m'Chipwitikizi. Kwa ife amene tinazolowera kuona a Mondlane pa chithunzi ndi pa chipilala, n'zothandiza kudziwa kuti munthu yemweyo ankakhala pansi usiku kulembera mkazi wake.

Nkhondo inayamba pa 25 Sepitembala 1964 ku Chai, m'chigawo cha Cabo Delgado, ndipo inafalikira ku Niassa. A Mondlane sanali msilikali wonyamula mfuti kutchire monga antigos combatentes amene tili nawo m'midzi mwathu. Udindo wawo unali wogwirizanitsa anthu osiyana zilankhulo ndi zolinga, ndipo mwina imeneyi ndiyo inali nkhondo yovuta kuposa inayo. Mfundo imene anaigwiritsitsa inali yakuti mdani ndi ulamuliro wa chitsamunda, osati khungu la Mpwitikizi aliyense. N'chifukwa chake analola Amoçambique achizungu ndi achimwenye kulowa m'gululi, ena kukhala aphunzitsi, ena madokotala.

Si onse anagwirizana nazo. Ena mu Frelimo momwemo ankati mtsogoleri wokwatira mzungu wa ku America sangadalirike, ndipo mphekesera zakuti banjali likutumikira azondi a ku America zinkamveka kawirikawiri. Kumayambiriro kwa 1968 ophunzira a pa Instituto anaukira, atalimbikitsidwa ndi wansembe Mateus Gwenjere. Anali ndi madandaulo awo, ena okhudza kutumizidwa kunkhondo m'malo mopitiriza maphunziro, ena okhudza aphunzitsi achizungu. Sukulu inatsekedwa, ndipo aphunzitsi achizunguwo analamulidwa kutuluka mu Tanzania. Mu Meyi chaka chomwecho gulu la anthu linathyola ofesi ya Frelimo ku Dar es Salaam, ndipo Mateus Sansão Muthemba anamwalira ndi mabala amene anawalandira pamenepo. Wandale wina akanaona kuti njira yapafupi ndi kumuchotsa mkaziyo pamaso pa anthu kuti phokoso lithe. A Mondlane sanatero, ndipo mayi Janet anapitiriza ntchito yawo.

Chaka cha 1968 chomwecho ndicho chimatikhudza kwambiri ife a zigawo zino. Mu Malichi asilikali a Frelimo anatsegulanso nkhondo ku Tete, polowera ku Zambia, pa nthawi imene Apwitikizi ankakonzekera kumanga damu la Cahora Bassa. Ndipo mu Julaye a Mondlane anawoloka Rovuma kudzachititsa msonkhano waukulu wachiwiri wa Frelimo ku Matchedje, ku Niassa, m'dziko mwenimweni. Kuchitira msonkhanowo pa nthaka ya Moçambique, ndege za adani zikutha kufika nthawi ina iliyonse, kunali kuyankha aja ankati mtsogoleriyu amangodziwa mahotela a kunja. Anasankhidwanso kukhala pulezidenti.

Anakhala ndi moyo miyezi isanu ndi umodzi yokha kuchokera pamenepo. M'mawa wa pa 3 Febuluwale 1969 anatenga makalata awo ku ofesi n'kupita nawo ku nyumba ya Betty King, mnzawo wa banjali, m'mbali mwa nyanja ku Dar es Salaam, kumene ankakonda kukagwirira ntchito mopanda phokoso. Pakati pa makalatawo panali phukusi la buku looneka ngati lachokera ku Moscow. Atalitsegula linaphulika, ndipo anafera pomwepo ali ndi zaka 48. Mayi Janet anali ku Ulaya pa ntchito, ndipo uthenga unawapeza kumeneko. Kafukufuku wa apolisi a Tanzania analoza chala PIDE, apolisi achinsinsi a Apwitikizi, ndipo panali chikayikiro chakuti ena a mkati mwa gululi anathandizira kuti phukusilo lifike. Palibe amene anaweruzidwa m'khoti pa mlanduwu.

Anaikidwa m'manda ku Kinondoni, Nyerere ali pomwepo. Utsogoleri unagwiridwa kwa kanthawi ndi anthu atatu, Uria Simango, Marcelino dos Santos ndi Samora Machel, mpaka mu 1970 pamene Samora anakhala pulezidenti.

Mwamuna akamwalira, kawirikawiri mkazi wochokera kutali amalongedza n'kubwerera kwawo, ndipo palibe akanawadzudzula mayi Janet akanatero. Iwo anatsala. Anapitiriza kuyendetsa Instituto, sukulu ija inatsegulidwanso ku Bagamoyo, ndipo dziko litalandira ufulu pa 25 Juni 1975 anabwera kudzakhala ku Moçambique. Anagwira ntchito m'boma, kenako ku Cruz Vermelha, ndiponso m'bungwe lolimbana ndi Edzi. Mu 1976 yunivesite ya ku Maputo inapatsidwa dzina la amuna awo, ndipo pa 3 Febuluwale 1979 mafupa awo anatengedwa ku Dar es Salaam kudzaikidwa pa Praça dos Heróis.

A Mondlane sanafike pokhala gogo wa pakhonde, wozunguliridwa ndi zidzukulu, woweruza nkhani za pamtundu monga bambo awo akanafunira mwana wa mfumu. Ana awo anakula popanda iwo. Chude anadziwika ndi kuimba, ndipo Nyeleti, uja anatsala ali ndi zaka 7, anadzakhala phungu wa nyumba ya malamulo kenako nduna m'boma la dziko limene bambo ake anafa asanalione lili pa ufulu. Mudzi wa Nwadjahane lero ndi malo osungirako mbiri, ndipo alendo amakaonako pamene panali khomo la makolo awo.