Fudhail bin Iyaadh: Wachifwamba Amene Anabwerera kwa Allah

Fudhail bin Iyaadh (Allah amuchitire chisoni) anakulira ku Abiward, m'dera la Khurasan. Ali mnyamata anali wachifwamba wolanda katundu wa amalonda panjira ya pakati pa Abiward ndi Sarakhs.

Olemba mbiri amafotokoza kuti usiku wina, akukwera mpanda kupita kwa mkazi amene ankamufuna, anamva munthu akuwerenga ayah 16 ya Surah Al-Hadeed, yomwe ikufunsa okhulupirira ngati nthawi siinakwane yoti mitima yawo idzichepetse pokumbukira Allah. Anatsika n'kukakhala m'bwinja lina. M'menemo anamva apaulendo akupangana zodikira kuche poopa kukumana ndi Fudhail. Ataona kuti wasanduka chiopsezo kwa Asilamu anzake, anachita tawbah usiku womwewo.

Liwu loti tawbah limatanthauza kubwerera. Fudhail sanafunike kukaulula machimo ake kwa shehe kapena imamu kuti akhululukidwe, poti m'Chisilamu palibe mkhalapakati pakati pa kapolo ndi Mbuye wake. Tchimo limene Allah watibisira sitiyenera kulilengeza.

Ma ulama amatiphunzitsa kuti tawbah imafuna kusiya tchimolo, kumva chisoni mumtima komwe kumatchedwa nadam, komanso kutsimikiza zosalibwerezanso. Istighfaar ndi kupempha chikhululuko, koma kupempha ndi pakamwa pokha manja akadali m'tchimo si tawbah nasuuha, kulapa koona. Tikalakwira munthu, pamawonjezeka chinthu chachinayi: kumubwezera chake kapena kumupempha atikhululukire. Ngongole ya usipa kapena ukonde wa mnzathu sizifafanizika ndi tasbihi.

Fudhail anapita ku Kufa kukaphunzira Hadith kwa ma ulama monga Al-A'mash, kenaka anakakhazikika ku Makkah, pafupi ndi Ka'bah. Amene kale ankathawidwa m'njira tsopano ankafunidwa ndi ophunzira. Abdullah bin Al-Mubarak ndi Imam Shafi'i ndi ena mwa amene analandira Hadith kwa iye. Khalifa Harun Rashid atamuyendera, analira ndi malangizo ake n'kumupatsa ndalama zagolide 1,000. Munthu yemwe kale ankalanda za eni uja anazikana.

Anamwalira ku Makkah m'chaka cha 187 Hijri, chomwe ndi 803.

Mbiri yake ikutikumbutsa kuti tisataye mtima ndi mwana kapena m'bale amene wasokera, komanso tisachedwetse tawbah yathu, poti khomo lake limatsekeka mzimu ukafika pakhosi. Allah atilandire kulapa kwathu. Aameen.