Jim Thorpe: katswiri yemwe adalandidwa mendulo chifukwa cha madola awiri

Osewera mpira wa ku America mu ligi ya NFL amalandira ndalama zankhaninkhani masiku ano, koma mtsogoleri woyamba wa ligiyi, Jim Thorpe, adamwalira ali mmphawi, atalandidwanso mendulo zake pa mlandu wosewerera ndalama.

Thorpe adabadwa mu 1887 kudera lomwe pano ndi Oklahoma. Adali wa mtundu wa Sac and Fox, umodzi mwa mitundu ya eni nthaka omwe azungu adawapeza ku America. Mu 1904 adakalowa sukulu ya Carlisle ku Pennsylvania, yomwe boma lidakhazikitsa kuti ana a eni nthaka asiye chilankhulo ndi chikhalidwe chawo. Kumeneko ndi komwe mphunzitsi wa masewero, Pop Warner, adaona luso lake pa mpira. Mpirawu ndi wosiyana ndi womwe Amalawi adauzolowera: ndi woumbika ngati dzira, ndipo wosewera amathamanga ataunyamula m'manja uku adani akulimbana naye kuti amugwetse.

Luso la Thorpe silidathere pa mpira pokha. Pa masewero a Olimpiki a 1912 ku Stockholm, Sweden, adapata mendulo ziwiri zagolide, imodzi pa mpikisano wophatikiza masewero asanu, ina pa wophatikiza masewero khumi. Chisangalalo sichidakhalitse. Mu 1913 zidadziwika kuti mu 1909 ndi 1910 adasewerapo baseball ku North Carolina pa malipiro ochepa, nthawi zina madola awiri okha pa masewero amodzi. Malamulo a nthawiyo sankalola munthu wolipidwa kupikisana pa Olimpiki, choncho adamulanda mendulo zonse, ngakhale dandaulolo lidabwera patadutsa kale masiku 30 omwe lamulo linkalola.

Ndalama zomwe zidamuchotsera ulemuzo ndi zomwe zidamutsegulira khomo lina. Mu 1915 timu ya Canton Bulldogs ku Ohio idamulemba ntchito pa madola 250 pa masewero amodzi, ndipo anthu adayamba kukhamukira kubwalo kukamuona. Timuyi idatenga ukatswiri mu 1916, 1917 ndi 1919. Eni matimu atakhazikitsa ligi mu 1920, adasankha Thorpe kukhala mtsogoleri pofuna kuti dzina lake likope anthu. Ligiyo idayamba kutchedwa NFL mu 1922.

Adasiya kusewera mu 1928 ali ndi zaka 41, chuma cha America chitatsala pang'ono kugwa. Adakhalira maganyu, kukumba ngalande ndi kuoneka m'mafilimu pa malipiro ochepa, ndipo mowa udamusowetsa mtendere. Adamwalira pa 28 Marichi 1953 ku Lomita, California. Manda ake ali m'tauni ina ya ku Pennsylvania yomwe idatenga dzina lake, ngakhale iye sadapondeko ali moyo.

Mu 1982 bungwe loyendetsa Olimpiki lidabwezeretsa dzina lake, koma pomugawanitsa ulemuwo ndi omwe adawagonjetsa. Mu Julaye 2022, patatha zaka 69 chimwalirireni, lidavomereza kuti wopambana pa mipikisano iwiriyo adali Thorpe yekha.