Konstantin Tsiolkovsky, Mphunzitsi wa ku Kaluga

Konstantin Tsiolkovsky anabadwa pa 17 Sepitembala 1857 m'mudzi wa Izhevskoye ku Russia. Ali ndi zaka pafupifupi khumi anadwala nthenda yoopsa imene inamtseka makutu. Popeza mawu a aphunzitsi sanali kumfikanso bwino, sukulu inamkanika, ndipo anayamba kudziphunzitsa yekha ndi mabuku a bambo wake. Mu 1873 anapita ku Moscow kumene anakhala zaka zitatu akuwerenga masamu ndi sayansi m'nyumba ya mabuku. Ankadya buledi yekha kuti ndalama zotsala agulire mabuku ndi zipangizo.

Atapambana mayeso a uphunzitsi mu 1879, anayamba kuphunzitsa masamu ku Borovsk mu 1880, ndipo mu 1892 anasamukira ku Kaluga. Masana ankaphunzitsa ana, madzulo ankakhala m'nyumba mwake akusema, akumata ndi kuyesa tizipangizo take. Mu 1897 anapanga chida choombera mphepo pa zinthu za maonekedwe osiyanasiyana, kuti aone mmene mpweya umakanira chinthu choyenda. 

Mu 1903 anafalitsa nkhani imene inasonyeza ndi masamu kuti roketi ikhoza kuyenda kumene kulibe mpweya, ndiponso kuti pafunika liwiro la makilomita ngati 8 pa sekondi imodzi kuti chombo chizizungulira dziko. Anazindikiranso kuti zipsepse zilibe ntchito kumwambako, choncho anaganiza zoika ziwongolero m'moto wotuluka kumchira kwa roketi.

Roketi yaing'ono imene ana angapange m'kalasi imauluka mu mpweya, ndiye imadalira zipsepse monga muvi udalira nthenga. Zipsepse zikhale zitatu kapena zinayi, zofanana kukula, zotalikirana mofanana, ndiponso zolunjika ndi thupi la roketi. Ana asalaze m'mbali mwake ndi sandipepala, apake guluu pang'ono, adikire kuti aume, kenaka aonjezere wina m'ngodya imene chipsepse chakumana ndi thupi. Chipsepse chimodzi chikapendama, roketi idzazungulirazungulira kapena kukhotera kumene kwaima anthu. Tsono musanaiulutse, imangireni chingwe pamalo amene imakhala yosapendekera uku kapena uku, muizungulitse pamwamba pa mutu. Ngati mphuno siitsogola, onjezerani kulemera kumphunoko kapena kulitsani zipsepse.

Tsiolkovsky anamwalira ku Kaluga pa 19 Sepitembala 1935 asanaone chombo chilichonse chikuzungulira dziko. Sputnik inakwera kumwamba pa 4 Okutobala 1957, patangopita zaka zana chibadwire chake. Inu amene mukukonzekera uphunzitsi, kumbukirani kuti mwana wosamva bwino wokhala kumbuyo kwa kalasi angalephere kutsata mawu anu, koma mukampatsa pepala, lumo ndi guluu, mudzaona zimene akudziwa.