James Frederick Sangala, mwini nkhope ya pa K100

Tsiku ndi tsiku timagwira K100 pogula usipa, koma ambiri sitimdziwa mwini nkhope ili pamenepo. Ndi malemu James Frederick Sangala, amene anabadwira ku Naisi, m'boma la Zomba, cha m'ma 1900, nadzakhala mphunzitsi ku Domasi. Mu 1943 anamema mabungwe a anthu akuda, amene ankadandaula kwa atsamunda lililonse palokha, kuti alankhule ndi liwu limodzi. Motero mu 1944 kunabadwa chipani cha Nyasaland African Congress. Mpando woyamba unapita kwa a Levi Mumba, koma a Sangala sananyanyale. Anadzatsogolera chipanichi kuyambira 1954 kufikira 1957, polimbana ndi chitaganya, ndipo mu 1956 anazengedwa mlandu woukira boma. Ufulu wa 1964 anauona ndi maso, namwalira mu 1974.