Jacob Vouza, Wapolisi Amene Anatafuna Chingwe

Anzanga, tikamaphunzira za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse timangomva za Hitler ndi Churchill basi. Ine ndikuuzani za a Jacob Vouza, a pa chilumba cha Guadalcanal ku Solomon Islands, m'nyanja ya Pacific. Nthawi imeneyo dziko lawo linkalamulidwa ndi Angerezi ngati mmene zinalili ndi Nyasaland.

A Vouza analowa upolisi mu 1916, n'kupuma mu 1941. Bwenzi atangokhala pakhomo n'kumalima, koma mu 1942 asilikali a Japan anafika pachilumbapo ndi kuyamba kumanga bwalo la ndege. Pa 7 Ogasiti asilikali a Amereka nawonso anafika, ndipo posakhalitsa analanda bwalolo. A Vouza anadzipereka kukhala kazitape wawo poti tchire lonse ankalidziwa.

Pa 20 Ogasiti zinawavuta. Anagwidwa ndi gulu la Ichiki, mkulu wa asilikali a Japan amene ankabwera kudzalandanso bwalo lija. Powasecha anawapeza ndi kambendera ka Amereka m'chiuno. Anawamangirira ku mtengo kuti aulule pamene adani awo abisala, koma bambowa anangoti duu. Ndiye anawabaya ndi mipeni ya kunsonga kwa mfuti pakhosi, pamimba ndi m'mikono, n'kuwasiya kuti afere pomwepo.

Apa ndi pamene ine ndimagoma nawo. Munthu magazi ali chuchuchu, anatafuna chingwe ndi mano mpaka chinaduka, n'kuyamba kukwawa m'nkhalango usiku. Enafe kaminga kokha pa njira ya kusukulu timakhala pansi! Atafika kwa Amereka anawachenjeza kuti adani ali pafupi.

Usiku womwewo, kusanache pa 21 Ogasiti, nkhondo inabuka pa kamtsinje kotchedwa Alligator Creek. A Japan ankathamangira kuti aoloke pamchenga, koma anapeza anzawo atatchera kale mfuti. Pa asilikali pafupifupi 900 a Ichiki, anafa pafupifupi 800, ndipo bwalo la ndege silinalandidwe.

A Vouza anagona m'chipatala masiku 12, kenako anabwereranso kuntchito yaukazitape ija. Amereka anawapatsa mendulo ya Silver Star, Angerezi ya George Medal, ndipo mu 1979 anayamba kutchedwa Sir. Anamwalira pa 15 Malichi 1984, ndipo anawaika m'manda atavala yunifomu ya asilikali a Amereka aja.