Zala ziwiri za Django Reinhardt

Ndikamamvera Joaquin Murphey akuliza gitala yogoneka pamiyendo, ija kuno timati hauyani, khutu langa limamvamo munthu wina, Django Reinhardt.

Django adabadwira ku Belgium mu 1910, m'banja la Aromani oyendayenda, n'kukulira kunja kwa mzinda wa Paris. Mu 1928 moto udabuka m'ngolo yomwe ankagonamo, n'kupundula zala ziwiri za dzanja lake lamanzere. Wina akadaipachika gitalayo. Iye adaphunziranso kudinikiza nsambo ndi ziwiri zotsalazo, ndipo mu 1934 adayambitsa gulu la jazi ndi Stéphane Grappelli.

Mbale zake zidafika ku Los Angeles, komwe Murphey ankaimba m'gulu la Spade Cooley m'ma 1940. Komatu hauyani sadinikiza ndi zala, amangotsetsereza kachitsulo kamodzi basi, n'chifukwa chake mawu ake amakokeka. Murphey adakana zokokazo, ankathamangitsa mawu limodzilimodzi ngati Django. Ine ndimati adamvana chifukwa onse ankaperewera zala kumanzereko.

Django adamwalira ndi sitiroko mu 1953 ku France, ali ndi zaka 43.